Mimba ya Pailoti

9 Febuluwale

Okondedwa Mayi a mapasa,

Ndisananene zanga, muli bwanji inu ndi ana? Nanga bondo la amayi lija likuwalola kufika kumsika? Ine kuno ndili gwa. Chimfine chinandilowa sabata yatha, koma chinapeza nyumba ndi yaikulu, chinasochera n'kutuluka chokha.

Nkhani ndi iyi: mwamuna wanu wayamba sukulu. Mukudziwa kuti chifikireni kuno, zaka zitatu tsopano, ntchito yanga ndi yotsuka mahelikopita, kuwakankhira kunja kwa shedi m'mawa ndi kuwabwezera madzulo. Tsono abwana anatisonkhanitsa n'kunena kuti wantchito wofuna kuphunzira kuyendetsa angathe, bola azigwira Loweruka ndi Lamlungu, malipiro a masiku amenewo azipita kusukulu. Anzanga onse anayang'ana nsapato zawo. Ine ndinaimika mkono. Munthu amene anayendetsa lole ya mchenga zaka khumi, mabuleki ake ochita kupopa katatu, angaope kanthu kopanda ndi matayala omwe?

Ndalama ndatumizayo mugulire mapasa nsapato, zokulirapo pang'ono kuti zifike chaka chamawa. Yotsalayo muitane mmisiri aone pamene pakudontha paja. Chithunzi ndaikamo monga mwa lamulo. Mukukumbukira tsiku lonyamuka, amayi atandigwira mimba ndi manja onse awiri: "Mgolo, kalata iliyonse izibwera ndi chithunzi. Zolembazo ungandinamize, ine ndiziona mimbayi."

Apa lekezani kuwawerengera amayi. Mutsokomole, munene kuti kalata yatha. Zotsatirazi ndi zanu nokha, ndipo sindingazinene pafoni ya kwa alamu atelala, paja iwo amaimitsa makina kuti amve bwino.

Mphunzitsi wanga ndi mdala wina woonda ngati waya. Timamutcha Bwerezanso, chifukwa ndi mawu okhawo amene amawatchula mosaumira. Helikopita yophunzirira ndi kandege kakang'ono, mipando iwiri basi. Ndinalowamo mmene mumalowetsera bulangete m'chikwama chaching'ono. Pakati pa miyendo pamakhala ndodo yowongolera: ukaikankha, ndege ipita kutsogolo, ukaikokera kwa iwe, ichepetsa liwiro n'kuima. Tili pansi pomwepo, injini isanalire, Bwerezanso anati, "Koka ndodo mpaka mapeto." Ndinakoka. Inayenda pang'ono n'kukumana ndi mimba.

"Ndati mpaka mapeto."

"Mapeto ake ndi amenewa, aphunzitsi."

Sanaseke. Ananditulutsa n'kukandiimika pa sikelo yoyezera katundu, anzanga onse akuonerera. Makilo 124. Mpando uja umalola 109. Mdalayo anati mpaka sikelo itanena 108 ndiziwerenga mabuku, kumwamba ndizikuona pawindo.

Ndiye ndiyenera kuonda, Mayi a mapasa, ndipo amayi asadziwe. Za abambo mukuzidziwa: anapita kukagwira ntchito kunja ali chimunthu, atabwera posakhalitsa anasanduka mafupa okhaokha, osatha miyezi itatu anamwalira. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Kuyambira pamenepo amayi akhala akundidyetsa ngati akukwirira dzenje. Kwa iwo munthu woonda ndiye kuti akutsanzika. Ndikawauza kuti ndikuchita dala, adzati ndikubisa matenda, ndipo mtima wawo uja simufuna kuuseweretsa.

Ndine wanu,
Bambo a mapasa

28 Malichi

Mayi a mapasa,

Kalata yanu ndinailandira, ndipo ndakondwa kuti nonse mukudzuka. Ine ndikupuma ndithu, Mulungu akundisunga. Nsapato zija mwati zawakwana ndendende? Ndinati zokulirapo! Ana amenewa akukula ngati akupikisana ndi munthu.

Amayi muwauze kuti sukulu ikuyenda. Ndaphunzira kuti mitambo ili ndi mayina, ndipo ina ndi yaukali moti sumayiyandikira. Ndaphunziranso kulankhula pa wayilesi ya mundege. Munthu sumapereka moni, sumafunsa za kunyumba, umangotchula nambala yako ndi chimene ukufuna. Tsiku loyamba kuyeserera ndinayamba ndi "Mwadzuka bwanji kumeneko," Bwerezanso anagwira mutu.

Alamu atelala muwadzudzule. Ndamva kuti alemba pakhoma la shopu yawo kuti "Telala wa Pailoti", ndiponso akuuza makasitomala kuti ndimanyamula nduna. Sindinachoke pansi ngakhale kutalika kwa chala.

Tsokomolani.

Njala, mkazi wanga! Sindinadziwe kuti njala yochita kusankha wekha imapweteka kuposa ya umphawi. M'mawa dzira limodzi ndi tiyi wopanda shuga, amene ndi madzi otentha ovala yunifolomu. Masana masamba. Madzulo masamba omwewo atatembenuka. Kabichi mmodzi kuno mtengo wake kwathu mungagule nkhuku, ndiye ndikulipira zambiri kuti ndidye zochepa.

Choipitsitsa ndi mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi. Ndi wophika m'kantini ya pabwalo la ndege, timamutcha Supuni. Chipinda chathu ndi mabedi awiri, windo limodzi loyang'ana khoma la eni ake, ndi kachitofu kali kumutu kwa bedi langa. Supuni akaweruka amabwera ndi zotsala za m'kantini n'kumazikazinganso pomwepo, anyezi akulira m'mafuta pafupi ndi khutu langa. Amati, "Mgolo, ingonunkhiza, fungo silinenepetsa." Tsiku lina ndinatuluka kukaima pamsewu mpaka atamaliza kutsuka poto. Misozi inalengeza, ndipo sanali anyezi.

M'mawa uliwonse ntchito isanayambe ndimazungulira mpanda wonse wa bwalo. Galu wa mlonda ankanditsatira masiku oyamba, koma anaona kuti ulendo wake ulibe phindu, tsopano amangondiyang'ana ali chigonere. Sikelo dzulo yanena 117. Lamba ndaboola bowo latsopano ndi msomali.

Chithunzi chilimo. Ndaima pafupi ndi ndege imene inandikana ija.

Wanu wanjala,
Bambo a mapasa

2 Meyi

Mayi a mapasa,

Moni kwa nonse. Ana apitirize kulimbikira sukulu. Amayi muwauze kuti ndili bwino kwambiri, ndikudya katatu pa tsiku, ndipo chithunzi chapitacho anandijambula ndi munthu wosadziwa ntchito, kamera yake yofinya anthu. Aone chatsopanochi.

Tsokomolani msanga.

Mwati amayi anatenga chithunzi n'kupita nacho pawindo, anachiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti, "Khosi ili latuluka liti?" Ndiponso kuti tsiku limenelo mbale yawo inabwerera yosakhudzidwa. Ndinawerenga ndili chiimire m'shedi, paipi yamadzi ili m'manja, mpaka ndinanyowetsa nsapato za injiniya. Ndinaganiza zongosiya zonsezi, n'kupita kukantini kukauza Supuni kuti adzaze mbale ziwiri. Koma pakhomo pa kantini ndinamva kandege kaja kakudzuka ndi wophunzira wina, ndipo mtima unakana. Ndatsuka magalasi a ndege zimenezi zaka zitatu, Mayi a mapasa. Ndikufuna ndiwaonereko mkati.

Nzeru anabweretsa ndi Supuni. Anati, "Mayi ako akufuna mimba? Apatse mimba." Anatenga mtsamiro pabedi langa, uja amayi anandisokera ponyamuka, wa timaluwa tofiira m'mbali. Tinaulowetsa m'malaya anga akale a buluu n'kumanga mabatani. Poyamba unakwera kwambiri, ndinaoneka ngati nkhunda. Tinautsitsa, ndinaoneka ngati inu muja munkayembekezera mapasa. Kachitatu unakhala pamalo pake. Supuni anabwerera m'mbuyo, anapendeka mutu n'kunena kuti, "Eya, uyu ndiye Mgolo amene ndimamudziwa."

Khosi tinalibisa ndi mpango, ngakhale dzuwa linali loswa mtengo. Masaya ndinatukumula. Supuni anati ndisamwetulire chifukwa mpweya uthawa. Ndiye mukaona nkhope yanga ili ngati ya munthu amene wabisa mazira awiri m'kamwa, musadabwe.

Mwandifunsa ngati si bwino kungowauza zoona. Ayi. Inu amayi mwawadziwa zaka khumi ndi ziwiri, ine chibadwire. Miyezi yowerengeka yokha, ndipeze laisensi, zina tidzaziona.

Sikelo yanena 112. Mawondo anga ndawaonanso, akupereka moni.

Wanu,
Bambo a mapasa

20 Juni

Wokondedwa wanga,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ngati ine, chifukwa ine lero ndikhoza kuvina pamsewu. Muwauze amayi, muwauze ana, alamu atelala musawauze chifukwa amva okha: ndauluka!

Tinakwera Lachiwiri masana. Pansi panangochoka ngati munthu wakusolola mkeka. Magalimoto anasanduka nyerere, ndipo mpanda umene ndakhala ndikuuzungulira uja unaoneka kachinthu kochititsa manyazi. Kuyenda kutsogolo si nkhani, ndi lole yomweyo. Chovuta ndi kuima m'malere malo amodzi. Dzanja lamanja lili pa ndodo, lamanzere pa chogwirira china chokwezera ndi kutsitsira, mapazi onse pa mapedulo, ndipo chilichonse chikufuna zake. Bwerezanso anandipatsa bwalo lalikulu ngati la mpira kuti ndiime pakati. Ndinayendera ngodya zonse zinayi, n'kukasuzumira ndi kuseri kwa shedi. Galu wa mlonda anathawira pansi pa thanki. Mdala anangoti, "Bwerezanso."

Za nyuzipepala zandidabwitsa. Ndani anawapatsa alamu chithunzi? Mwati chatuluka pa tsamba lachitatu, pansi pake atalemba kuti "Mwana wa kwathu ayendetsa helikopita kunja", ndipo amayi achiika m'felemu pabalaza. Mwatinso ahedimasitala anachiwerenga pamzere ana onse akumva. Ahedi omwewo amene anandiuza kuti mutu wanga ndi wongosenzera chipewa! Chabwino, ndawakhululukira.

Pakhosi pakuyabwani, tsokomolani.

Sikelo inanena 108 Lolemba. Bwerezanso anaigogoda kawiri poganiza kuti yafa. Ndinakoka ndodo mpaka mapeto enieni, pakati n'kutsala malo oti mphaka angadutse. Asanandilole kukwera ananditumiza kwa dokotala wa oyendetsa ndege. Munthu ameneyo sasiya kanthu: magazi, mkodzo, mtima, mapapo, maso, makutu, mpaka kundiimiritsa ndi mwendo umodzi. Anandipatsa chikalata cha chidindo chonena kuti ndilibe vuto lililonse. Ndachiika pansi pa matiresi kuti Supuni asatsekere poto.

Koma chimene chandisangalatsa kuposa zonse ndi cha amayi. Mwati anachiyang'ana chithunzi cha mtsamiro chija pawindo, nthawi yaitali, kenako anati, "Wanenepadi," n'kukachisunga. Mwaona? Munkaopa chiyani? Dziko lonse laona mtsamiro wanga m'nyuzipepala, palibe ndi mmodzi yemwe wadziwa. Supuni akuti ndimulipire ngati injiniya.

Suti imene alamu akufuna kundisokera, auzeni agwiritse miyeso yakale. Tingachitenso bwanji?

Wanu wa m'mwamba,
Bambo a mapasa

5 Seputembala

Mayi a mapasa,

Pepani kuti ndakhala chete. Ntchito masana, ndege madzulo, mabuku m'basi. Muli bwanji nonse? Dzino la wamkulu uja linatuluka? Ndalama ndatumizayo ndi yochepa, mwezi uno zinthu zinathina pang'ono, koma musade nkhawa, zinatha.

Sabata yatha ndinauluka ndekha. Tinatera pakati pa bwalo, Bwerezanso anamasula lamba, anatsegula chitseko n'kutsika. Ndinayesa akupita kukataya madzi. Anati, "Zungulira katatu, ubwere nayo yathunthu." Ndinayang'ana mpando wake wopanda munthu. Ndinadzuka, ndinazungulira, ndikuimba nyimbo zonse zakutchalitchi zimene ndimadziwa, osazindikira kuti chala chili pa batani la wayilesi. Bwalo lonse linamva. Nditatera, munthu wa pansanja yolondolera ndege anati kuuluka ndakhoza, koma kwaya ndisayese.

Za chipinda chakumbuyo zandikhudza. Mwati amayi atulutsamo makasu, njinga yakufa ija ndi matumba onse, akolopa, apaka laimu, ndipo agula matiresi atsopano ndi ndalama yawo ya nkhuku? Auzeni kuti ndathokoza, koma pailoti ali ndi mkazi, adzagona kuchipinda kwake. Komabe asiyeni, ndi ulemu wawo. Mwina akuganiza kuti ndidzabwera ndi alendo a mayunifolomu. Chipinda chimenecho chakhala chotsekera katundu chimwalirireni abambo, ndi bwino kuti chapuma mpweya.

Majekete awiri a abambo amene achapa n'kusita aja, ngati akufuna kundipatsa, akumbutseni kuti Mgolo sangalowemo ngakhale mkono umodzi.

Tsokomolani, koma mosinthako. Mwati ulendo wapita amayi anafunsa kuti bwanji kalata ya masamba atatu imathera pa tsamba limodzi, ndiponso bwanji chifuwa chanu chimayamba pofika kalata pokha. Ulendo uno muyetsemule.

Mwalembanso kuti amayi achepetsa kulankhula, kuti zithunzi sakuzionetsanso kwa anzawo akumsika, ndipo amakufunsani ngati pafoni ndimamveka kutsokomola. Ndi ukalamba umenewo, musaukulitse. Mwati mtima wanu sukukhazikika ndipo mukufuna kuwauza. Chonde, Mayi a mapasa, tafika kale patali. Mayeso ndi Novembala. Mukawauza lero kuti ndili 101, mawa adzakhala ali pa siteshoni ya basi ndi chikwama, kufunsa njira yofikira kuno.

Inde, 101. Sindinafune, zikungochoka zokha tsopano. Tawonjezera thawulo kuseri kwa mtsamiro.

Wanu,
Bambo a mapasa

14 Novembala

Mkazi wa pailoti,

Werengani mawu amenewo kawiri, chifukwa ndi anu. Moni kwa ana a pailoti ndi kwa amayi a pailoti. Ndakhoza!

Woyesa anali mayi wina wamagalasi, wosaseka ngati wa kubanki. Anandifunsa mafunso maola awiri, kenako tinakwera. Tili m'mwamba anangotseka mphamvu ya injini dala n'kunena kuti, "Injini yafa, utani?" Ndinati mumtima, mayi inu, lole yanga inkafa pa mtsetse uliwonse. Ndinatsitsa ndege bwinobwino mpaka pa kamunda kamene ndinasankha. Titabwerera analemba, analemba, n'kundigwira chanza. Bwerezanso anali ataima pakhomo la shedi manja ali m'thumba. Ndinayembekeza mawu ake aja. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Basi." Ndinalira, Mayi a mapasa, chimunthu chonse ine, pamaso pa galu.

Abwana akuti chaka chamawa ndipitirize maphunziro kuti ndizidzanyamula anthu, koma ayamba andipatsa tchuthi. Ndifika pa 20 Disembala ndi basi yamasana.

Pulogalamu imene alamu atumiza ndaiona. Ana asukulu adzaimba pa siteshoni, ahedimasitala adzalankhula, akhansala adzalankhula, alamu adzalankhula kawiri. Mwati wojambula zikwangwani wandijambula pakhoma la sukulu, mimba ikukhudza windo la kalasi yachiwiri? Ndipo suti yatha, inadya nsalu ya anthu awiri? Zonse ndi zabwino. Koma auzeni alamu kuti sindibwera ndi helikopita. Asadule mtengo wa pabwalo la sukulu.

Yetsemulani.

Tsopano vuto ndi ili: chithunzi sichiyenda, koma ine ndidzayenera kuyenda. Supuni wasoka zingwe pa mtsamiro, ziwiri za m'mapewa, imodzi ya m'chiuno. Madzulo aliwonse ndimayeserera m'chipinda: kutsika basi, kugwira chanza, kuwerama polandira mphatso. Powerama ndi pamene pali ngozi, dzana unatulukira kukhosi. Kukhala pampando ndakhoza. Chimene sitinachipezere nzeru ndi amayi, chifukwa iwo sapereka moni kunkhope, amayambira pamimba ndi manja onse awiri. Supuni akuti ndidzanyamule chikwama kutsogolo masabata atatu onse. Inu mukuona bwanji? Mwina muziima pakati pathu.

Ndikuseka, koma kunena zoona ndikuchita mantha kuposa tsiku louluka ndekha lija.

Wanu, walaisensi,
Bambo a mapasa

30 Novembala

Amayi,

Kalata ino ndi yanu. Mayi a mapasa akuwerengerani yonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo sadzatsokomola. Mukafuna, itanani mwana wa sukulu aliyense aibwereze kuti mutsimikize.

Muli bwanji, amayi? Funso limeneli ndakhala ndikulilemba chaka chonse, koma lero ndi pamene ndikulifunsa.

Mpongozi wanu wandilembera zonse. Akuti anakupezani m'chipinda chakumbuyo mukuyala nsalu pa matiresi atsopano aja, mutaika beseni pansi pa bedi ndi mpando pambali pake. Atakuuzani kuti pailoti sadzagona mmenemo, munati, "Mwana wanga, leka kundisunga ngati khanda. Mwamuna wako akubwera kudzadwalira kuno, ndipo ndidzamusamalira mmene ndinasamalirira bambo ake. Mpando uwu ndi wanga."

Akuti munadziwa kuyambira mwezi wa Meyi. Pakati pa batani lachitatu ndi lachinayi panasuzumira kaduwa kofiira, ndipo munthu saiwala ulusi umene anasoka yekha. Munaonanso wotchi itatsetserekera kuchikhatho. Atolankhani sanaone, ahedimasitala sanaone, alamu amene ntchito yawo ndi kuyeza anthu sanaone.

Chimene sindinkachidziwa ndi cha majekete. Ine ndimakumbukira abambo akutsika basi atanenepa bwino, atandibweretsera mpira. Sindinkadziwa kuti anali atavala malaya atatu ndi majekete awiri mwezi wotentha, kuti inu musaone. Ndiponso kuti inu munaona pomwepo pa siteshoni, koma munawayamikira kuti anenepa, chifukwa munthu akavutikira bodza lotere sumamuvula pagulu. Ndiye mutaona mtsamiro wanga munati, mwana watengera bambo ake. Munanena kuti "Wanenepadi" kachiwiri m'moyo wanu, n'kuyamba kugulitsa nkhuku kuti mugule matiresi.

Miyezi isanu ndi iwiri, amayi. Ine kuno ndikuseka ndi Supuni, kudzitama kuti ndine wochenjera, inu mukundikonzera pogona pomaliza, osauza munthu. Ndimati ndikukutetezani. Ndachita manyazi moti ndikulemba kalata ino kachitatu, ziwiri zoyamba zinanyowa.

Sindikudwala. Ndinaonda dala chifukwa kandege kophunzirira sikanyamula munthu woposa makilo 109, ndipo mimba inkatsekereza ndodo yowongolera. Ndi zokhazo. Ndikudziwa kuti mawu anga panopa alibe mtengo, choncho ndaikamo zinthu ziwiri. Choyamba ndi chithunzi: ndavala kabudula ndi vesiti, ndaima pa sikelo, mtsamiro ndaunyamula m'manja kuti muuone uli panja. Chachiwiri ndi chikalata cha dokotala wa oyendetsa ndege, chenicheni cha chidindo. Munthu wodwala samulola kukwera kumwamba, ngakhale atalira. Dokotalayo anandiyeza magazi, mapapo ndi mtima. Mupite nacho kwa aliyense amene mumamukhulupirira akuwerengereni. Chokhacho muchisamale, ndidzachifuna pobwerera kuntchito.

Mundikhululukire, amayi. Ndikadzafika mudzandimenye ndi mtsamiro womwewo.

Ndine mwana wanu,
Mgolo, ngakhale mgolowo waphwa

13 Disembala

Mayi a mapasa,

Mwina kalata ino ndidzafika nayo limodzi, koma ndalemba chifukwa pafoni dzulo sindinathe kulankhula nanu bwino. Alamu anaimitsa makina, ndipo ndinkamva ndi kupuma kwawo komwe. Muli bwanji? Zikomo chifukwa chosandimvera pamene ndinati za amayi musazikulitse. Mukanandimvera ndikanatsika basi ndi zingwe m'mapewa.

Munali kuseri pamene amayi anatenga foni, ndiye mwina simunamve zonse. Sanandipatse moni. Anati, "Tsokomola." Ndinatsokomola. Anati, "Pumira m'mwamba." Ndinapuma. Kenako anandiuza ulendo wa chikalata chija. Anayamba kwa namwino wa pachipatala, anawawerengera kawiri. Sanakhutire, anapita kwa wogulitsa mankhwala. Kuchoka apo kwa ahedimasitala, amene anafuna kuyamba kukamba za mwambo wa pa 20, amayi n'kuwauza kuti, "Inu werengani apa pali chidindopa, za ndegezo ndi zanu." Onse atatu atanena zofanana, akuti anakhala pa khonde la sukulu, pansi pa mimba yanga ya pakhoma ija, n'kulira mpaka ana anatuluka m'kalasi.

Kenako anandikalipira mphindi khumi osapuma. Anati ndine chitsiru, mwana wa chitsiru, ndipo Supuni akadzamuona adzamuthira madzi otentha. Sindinamvepo mawu okoma chotero. Pomaliza anati, "Dokotala wakoyo walemba kuti ulibe matenda, koma sanalembe kuti usamadye." Choncho, mkazi wanga, mukabwereke sikelo kwa wogulitsa nyama muibise kuchipinda kwathu. Ndili ndi masabata atatu oti ndilimbane ndi amayi, ndipo mpando wa ndege uja sunasinthe, ukulolabe 109.

Ndamva kuti achotsa nyuzipepala m'felemu n'kuikamo chikalata cha dokotala. Laisensi akuti ndikaonetse akhansala, iwo alibe nayo ntchito. Mundithandize kuganiza mmene tidzachitulutsire m'felemumo tsiku lobwerera.

Makasu, njinga ndi matumba mubwezere m'chipinda chakumbuyo. Matiresi apatseni mapasa. Mpando uja ubwerere pabalaza.

Alamu atelala ndawamvera chisoni. Anawalanda amayi foni akulira kuti suti yawo ilowa anthu awiri, ndipo masiku otsalawa sangathe kuiphwasula. Auzeni asavutike, aipachike pashopu anthu aziona. Chovala cha pa 20 chapezeka kale. Amayi, asanabweze foni, anati mudzabwere kusiteshoni ndi jekete la abambo, lakuda lija, ndidzavalire pomwepo ndisanakwere pansanja. Akuti tsopano lindikwana.

Ndinawafunsa kuti nanga linalo? Anati, "Limodzi lokha. Ndikufuna anthu akuone mmene ulili."

Ndine wanu, wopanda zingwe,
Bambo a mapasa